"Phukusi lanu lafika, ingolipirani pang'ono": momwe mbava za pa imelo zimabera makhadi a kubanki

Imelo yake imafika ngati ina iliyonse, pakati pa uthenga wa kuntchito ndi wa komiti ya ukwati. Pamwamba pali chizindikiro cha DHL, zilembo zofiira pachikasu paja, ndipo m'munsi mwake muli nambala yaitali ya phukusi monga momwe makampani onyamula katundu amalembera. Chingerezi chake n'chosalala, chaulemu. Akuti katundu wanu wafika koma wagwidwa kosungira katundu chifukwa pali kandalama ka msonkho kamene sikanalipiridwe, kosakwana n'komwe madola 2. Mukapanda kulipira pasanathe maola 48, phukusilo libwerera kumene lachokera. Pansi penipeni pali batani lalikulu loti mudine.

Kandalama kotere sikapatsa munthu maganizo. Palibe amene angayambe kuimba foni uku ndi uku kufunsa za madola 2, ndipo wolemba imeloyo akudziwa zimenezi. Iye sakukudziwani, sakudziwanso ngati mukudikira phukusi. Watumiza uthenga womwewo kwa anthu zikwizikwi nthawi imodzi, podziwa kuti pagulu lonselo sipangalephere kupezeka mayi wa geni ku Limbe amene waitanitsa nsapato ku China, wophunzira amene akudikira mabuku, kapena bambo amene mwana wake wa ku Johannesburg analonjeza kuti atumiza foni. Kwa anthu amenewa imeloyo imafika pa nthawi yake, ndipo chala chimadina mutu usanaganize. DHL yeniyeni ilibe nazo gawo, dzina lake langobedwa, monga momwe amabera la Netflix, PayPal, Amazon, Facebook kapena banki yanu. Akatswiri a makompyuta amatcha chinyengo chimenechi phishing.

Batani lija limakufikitsani pa tsamba lokhala ndi mipata inayi: dzina lolembedwa pa khadi, manambala 16 a kutsogolo, mwezi ndi chaka chimene khadi lidzathe ntchito, ndi manambala atatu a kuseri amene amatchedwa CVV. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. Tinaphunzitsidwa kuyambira tsiku limene tinalandira khadi kuti chinsinsi ndi PIN, tiziibisa ndi dzanja pa ATM, tisauze ngakhale wapabanja. Choncho munthu akaona kuti PIN sakuifunsa, mtima umakhala pansi. Koma PIN imagwira ntchito khadi likakhala m'manja, pa ATM kapena pa kamakina ka m'sitolo. Pogula zinthu pa intaneti sifunika n'komwe. Zinthu zinayi zija n'zokwanira kuti munthu amene ali kutsidya kwa nyanja agule tikiti ya ndege kapena foni yodula m'dzina lanu, khadi lili phee m'chikwama mwanu.

Kwathu kuno nkhaniyi imapweteka kawiri, chifukwa makhadi amene ambiri tili nawo a Visa ndi Mastercard ndi olumikizidwa ku akaunti imene malipiro amafikirako. Kumaiko kumene anthu amagwiritsa ntchito kwambiri makhadi a ngongole, mbava ikaba imakhala yayamba yawononga ndalama za banki, mwini khadi n'kumakangana ndi bankiyo m'thumba mwake muli bwinobwino. Ndi khadi lotapira ndalama zako zomwe, zimene zapita ndi za lendi ndi za fizi, ndipo zimapita lero, pomwe kufufuza kumatenga masabata.

Mabanki anaika mlonda wina pakhomo. Kuyambira cha m'ma 2001, Visa inayambitsa njira yotchedwa 3-D Secure, ndipo Mastercard inatsatira. Ndi ija imachititsa kuti mukamalipira pa intaneti, banki ikutumizireni nambala yogwira ntchito kamodzi kokha pa foni, imene timaitcha OTP. Mbava sizingathe kuithyola nambalayi, motero zimangoipempha. Pamene inu mukulemba manambala a khadi pa tsamba labodza, mbavayo kapena kompyuta yake ikuwakopera nthawi yomweyo pa sitolo yeniyeni ya pa intaneti n'kugula katundu wa madola mazanamazana. Banki yanu, poona kuti khadi lanu likugula, imakutumizirani OTP yeniyeni kuchokera pa nambala yake yeniyeni. Tsamba labodza lija nalo limatsegula kampata koti mulembemo nambala imene mwalandira. Zonse zimaoneka kuti zikuyenda mwa dongosolo. Mukalemba, mwasainira nokha kuti ndalama zituluke.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri chenjezo limakhala mu uthenga wa OTP momwemo. Mabanki ambiri amalemba kuchuluka kwa ndalama ndi dzina la kumene zikupita. Munthu amene akuganiza kuti akulipira madola 2 kwa onyamula katundu akanawerenga akanaona kuti uthengawo ukunena madola 600 ku sitolo imene sanaimvepo. Koma ndani amawerenga? Maso amathamangira manambala okha, ndipo mafoni ena masiku ano amachita kukuikirani nambalayo pamwamba pa kiyibodi kuti mungoigunda. Pali njira inanso yoipa kuposa apa, imene yafala kumaiko kumene anthu amalipira pongogunditsa foni. OTP imene mwapereka imakhala yololeza kuti khadi lanu lilowetsedwe mu Apple Pay kapena Google Pay pa foni ya mbavayo. Zikatero sidzakufunaninso, izingogula mpaka khadi litatsekedwa.

Mmalawi aliyense amene ali ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba chinyengochi amachidziwa kale. Ndani sanalandirepo kauthenga kaja koti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Kapena foni ya munthu wodzitcha wa kukampani, wonena kuti mwapambana mphoto koma muyambe mwatchula nambala imene yangolowa kumene? Ambiri tinachenjera nazo, timangoseka n'kufufuta. Wa pa imelo ndi wakuba yemweyo, wangovala suti ndi tayi, ndipo anthu amene amaseka agogo awo kumudzi chifukwa chobetsa pa Mpamba ndi omwe amagwa akaona chizindikiro cha kampani yakunja ndi Chingerezi chabwino.

Tisamaganize kuti kumbuyo kwa maimelo amenewa kuli katswiri mmodzi wosagona tulo. Ndi malonda okhazikika, okhala ndi ogulitsa zipangizo ndi ogula. Mu April 2024, apolisi a ku London mogwirizana ndi bungwe la apolisi a ku Ulaya la Europol komanso apolisi a maiko 19 anatseka webusaiti yotchedwa LabHost, imene inayamba mu 2021. Ntchito yake inali kubwereketsa masamba abodza opangiratu. Munthu ankalipira pafupifupi madola 249 pamwezi, n'kusankha banki kapena kampani imene akufuna kunamizira, tsamba n'kutuluka lathunthu, zizindikiro ndi mitundu yonse ili m'malo. Panalinso chida chotchedwa LabRat chimene chinkamuonetsa mbavayo zimene munthu akulemba pa nthawi yomweyo, kuphatikizapo OTP. Apolisi anamanga anthu 37, ndipo anati kudzera pa webusaiti imodziyi panabedwa manambala a makhadi pafupifupi 480,000 ndi ma PIN 64,000. Europol inapeza maadiresi abodza osachepera 40,000 olumikizana ndi LabHost. Wakuba wa masiku ano safunika kudziwa kupanga webusaiti, amangofunika ndalama ya mwezi umodzi.

N'chifukwa chake malangizo ena amene tinkapatsana kale ayenera kutayidwa. Tinkati imelo yabodza imadziwika ndi Chingerezi chothyokathyoka. Zinali zoona nthawi ina, koma chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022 ndi anzake otsatira, aliyense angathe kulemba kalata yosalakwika mu Chingerezi cha kubanki m'kanthawi kochepa. Tinkatinso yang'anani kaloko pafupi ndi adiresi, ngati kalipo ndiye kuti tsambalo n'lotetezeka. Kalokoko kamangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa ndi wina panjira. Sikanena kuti amene akuzilandira ndi wachilungamo. Kuyambira kumapeto kwa 2015, bungwe la Let's Encrypt limapereka ziphaso za kalokoko kwaulere kwa aliyense amene ali ndi adiresi, chinthu chimene chinathandiza intaneti yonse, koma mbava nazo zimatenga. Mu 2023 Google inachotsa chithunzi cha kaloko mu Chrome, ndipo chifukwa chimene inapereka n'chakuti anthu ankachimva molakwa. Za chizindikiro cha kampani ndiye tisanene, mwana wa Fomu 2 angathe kuchikopera.

Chimene mbava imavutika kuba ndi adiresi yeniyeni ya kampani, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo pang'ono, chifukwa luso lowerenga adiresi ndi limene lingakupulumutseni zina zonse zikalephera.

Yambani ndi wotumiza. Foni imaonetsa dzina lokha, mwachitsanzo PayPal kapena dzina la banki yanu, ndipo dzina limeneli aliyense amalemba limene wafuna. Gundani pa dzinalo kuti adiresi yonse ioneke. Chimene chili kutsogolo kwa chizindikiro cha @ chilibe ntchito. Yang'anani chimene chili pambuyo pake. Banki imene ili ndi nthambi m'dziko lonse singakulembereni kuchokera pa gmail.com. Komabe musadalire zimenezi zokha, popeza nthawi zina mbava zimatumiza kuchokera ku akaunti yeniyeni ya munthu kapena kampani ina imene zaithyola.

Kenako linki. Pa kompyuta, ikani kamuvi pamwamba pa batani osadina, adiresi ioneka pansi pakona. Pa foni, kanikizani chala pa linkiyo osachotsa mpaka itatuluka yonse. Tiyerekeze kuti mwaona izi: paypal.com.verify-5521.top/login. Maso amayambira kumanzere, amaona paypal.com, n'kukhutira. Koma adiresi ya pa intaneti siwerengedwa chomwecho. Pezani kamzere kopendekera koyamba (osawerengera timizere tiwiri ta pa https://), kenako bwererani m'mbuyo mawu awiri olekanitsidwa ndi kadontho. Pa chitsanzo chathuchi mawuwo ndi verify-5521.top, ndipo ameneyo ndiye mwini nyumba. Zonse zili kumanzere kwake ndi zokongoletsa zimene mwini nyumbayo angalembe momwe wafunira. Maadiresi a m'maiko ena amatha ndi zidutswa ziwiri, monga co.za ku South Africa, gov.uk ku Britain kapena co.mw kwathu kuno. Pamenepo mumabwerera mawu atatu. Lamulo lake ndi lomwelo, mwini adiresi amakhala kumanja, pafupi ndi kamzere.

Palinso masewera a zilembo. Chilembo r chikagundana ndi n pa foni yaing'ono zimaoneka ngati m. Nambala 1 imalowa m'malo mwa l, ziro m'malo mwa o. Mu 2017 katswiri wina, Xudong Zheng, anaonetsa dziko kuti angathe kulembetsa adiresi ya zilembo za mtundu wa Chirasha zokhazokha imene pa Chrome ndi Firefox inkaoneka ndendende ngati apple.com. Chrome inakonza vutolo, koma phunziro lake likadalipo, lakuti diso lotopa silingapambane mpikisano umenewu tsiku lililonse. Posachedwapa mbava zayamba kuika QR code m'malo mwa linki, kapena kubisa linkiyo m'chikalata cha PDF chooneka ngati invoisi, kuti makina osefa maimelo asaione. Google imati Gmail imatsekereza zoposa 99.9 peresenti ya mauthenga oipa. Ndiye kuti amene afika pamaso panu ndi aja opangidwa mwaluso kuposa anzawo.

Nanga imelo ikatchula dzina lanu lonse, mwinanso n'kunena za khadi lanu? Musatengeke. Maina, maimelo ndi manambala a foni amabedwa m'makampani osiyanasiyana n'kumagulitsidwa mwa mulu. Ndipo uthenga wonena kuti "khadi lanu la Visa loyamba ndi 4 latsekedwa" sukuulula chinsinsi chilichonse, chifukwa khadi lililonse la Visa padziko lapansi limayamba ndi 4, pomwe la Mastercard limayamba ndi 5 kapena 2. Manambala oyambirira amangosonyeza banki imene inapereka khadi, ndipo makasitomala zikwizikwi amafanana. Ngakhale anayi omalizira amasindikizidwa pa lisiti imene timataya pakhomo pa sitolo.

Chizindikiro chimene sichisintha, kaya kalata yakongola bwanji, ndi changu. Maola 24. Akaunti itsekedwa lero. Wina walowa mu akaunti yanu kuchokera kudziko lina, dinani msanga. Mwalipira kawiri, tengani ndalama zanu tsiku lisanathe. Uthenga umakuopsezani kapena kukunyengererani, koma nthawi zonse umakuletsani kukhala pansi n'kuganiza. Ndipo amene amaganiza kuti zimenezi zimagwera osaphunzira okha amve za Troy Hunt. Mkuluyu ndi wa ku Australia, ndipo ndi amene anayambitsa Have I Been Pwned, webusaiti imene anthu padziko lonse amafufuzirapo ngati imelo yawo inabedwapo. Ntchito yake ndi kuphunzitsa anthu za chitetezo cha pa intaneti. Mu March 2025 ali ku London, atatopa ndi ulendo wautali, analandira imelo yonamizira kampani yotumizira makalata ya Mailchimp yonena kuti aletsedwa kutumiza makalata kwa owerenga ake chifukwa wina wadandaula. Anadina, analemba pasiwedi, analembanso OTP. Pomwe amazindikira, mndandanda wa maimelo pafupifupi 16,000 unali utakoperedwa kale. Sanaberedwe khadi, koma msampha wake ndi womwewo. Iye mwini anafotokoza poyera kuti pulogalamu imene imamusungira mapasiwedi inakana kudzaza yokha pa tsambalo, chifukwa adiresi inali yachilendo, koma iye sanalabadire. Makina anaona, munthu wotopa sanaone.

Ngati katswiri wotere angagwe, ndiye kuti kudalira maso okha n'kudzinamiza. Chimene ine ndimaona kuti n'chodalirika ndi chizolowezi chimodzi chosafuna ukatswiri: musalowe kudzera pa linki imene uthenga wakupatsani, ngakhale uthengawo ukuoneka woona. Ngati akuti Netflix yalephera kudula ndalama, tsekani imelo, tsegulani pulogalamu ya Netflix imene ili kale pa foni yanu. Vuto likakhala loona mulipeza momwemo. Ngati akuti ndi banki, tembenuzani khadi, imbani nambala yolembedwa kuseri, kapena pitani kunthambi. Ngati ndi phukusi, lembani nokha adiresi ya kampaniyo n'kuikamo nambala imene wogulitsa anakupatsani. Chizolowezichi chimakutayitsani mphindi zochepa, ndipo ubwino wake n'chakuti simufunikanso kuweruza ngati kalata ndi yoona kapena yabodza.

Samalaninso ndi foni imene imabwera pambuyo. Ena akalemba manambala a khadi n'kukayika pa OTP, pakapita kanthawi amalandira foni ya munthu wa mawu odekha, wodzitcha wa kubanki ku nthambi yoona za chinyengo. Amakutchulani dzina, amatchula manambala a khadi (si munamupatsa nokha?), n'kunena kuti wina akufuna kukuberani ndipo kuti aletse, mumuwerengere nambala imene yangolowa pa foni. Palibe banki imene imapempha OTP, PIN kapena CVV pa foni, ndipo mabanki athu amabwereza zimenezi pa wailesi ndi m'mauthenga mpaka kutopetsa. Dulani foniyo, muimbe nokha.

Abale athu okhala kunja amakumana ndi mitundu yakeyake. Ku Britain mbava zimakonda kunamizira bungwe la msonkho la HMRC kuti mwabwezeredwa msonkho, a positi a Royal Mail, kapena a chiphaso cha TV, ndipo munthu wofika kumene amene sanazolowere makalata a boma la kumeneko, komanso akuopa kulakwitsa pa nkhani ya mapepala, ndiye nyama yofewa. HMRC imanena yokha kuti sidziwitsa munthu za kubwezeredwa msonkho pa imelo. Kumeneko imelo yokayikitsa imatumizidwa ku report@phishing.gov.uk, uthenga wa pa foni ku 7726, ndipo kuimba 159 kumakulumikizani ndi mabanki ambiri a m'dzikomo mwachindunji. Ku South Africa nyengo yolemba za msonkho ikafika, maimelo onamizira bungwe la msonkho la SARS amachuluka, olonjeza ndalama zobwezedwa ngati mutalemba za khadi lanu.

Tsono zachitika, mwalemba kale manambala, mwazindikira mochedwa. Chinthu choyamba si kulira kapena kufunsa pa gulu la WhatsApp. Tsekani khadi nthawi yomweyo, pa pulogalamu ya banki ngati ili ndi batani lotero, kapena poimba foni, ngakhale pakati pa usiku. Musadikire kuti muone ngati ndalama zichoke, chifukwa manambala obedwa nthawi zina amagulitsidwa kwa ena n'kudzagwiritsidwa ntchito patapita masabata, ndipo kawirikawiri amayamba ndi kandalama kochepa kongoyesera ngati khadi lili moyo. Pemphani khadi latsopano. Ngati ndalama zachoka kale, lembani dandaulo kubanki ndipo mutenge nambala ya dandaulolo. Visa ndi Mastercard zili ndi njira yobwezera ndalama zotengedwa mwachinyengo, koma ili ndi malire a masiku, ndipo kunena zoona imavuta kwambiri ngati OTP munapereka nokha. Sungani imeloyo, musaifufute, ndi umboni. Kaneneni kupolisi: lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa milandu ya mtundu umenewu, ndipo ndi lomwe linakhazikitsa Malawi CERT, gulu lothana ndi ziwembu za pa makompyuta, pansi pa MACRA. Banki ikakuzengerezani popanda chifukwa, dandaulo lingathe kupita ku Reserve Bank of Malawi. Ngati pa tsamba lija munalembanso pasiwedi, isintheni paliponse pamene mumaigwiritsa ntchito, kuyambira pa imelo yanu.

Kwa amene amalipira pa intaneti kawirikawiri, kaya mayeso a ACCA, zotsatsa malonda pa Facebook kapena katundu wa pa AliExpress, nzeru yotchipa ndi kukhala ndi akaunti yachiwiri yokhala ndi khadi lake, yongoikamo ndalama pa tsiku lolipira. Mauthenga a pa foni odziwitsa ndalama zikatuluka ena amawatseketsa podandaula kandalama kamene banki imadula, koma ndi amene angakudzutseni mbava isanamalize.

Ambiri amene aberedwa amangokhala chete chifukwa cha manyazi, makamaka mabwana ndi ophunzira bwino, ndipo mbava zimadyerera pa kukhala chete kumeneku. Dzina la munthu amene wagwapo kamodzi limalowa pa mndandanda wina umene nawonso umagulitsidwa. Pakapita milungu ingapo kumabwera imelo yatsopano, ulendo uno yochokera kwa "loya" kapena "bungwe lothandiza oberedwa", yonena kuti ndalama zanu zapezeka ndipo angathe kukubwezerani. Chongofunika, akutero, ndi kandalama kochepa kolembetsera, ndi manambala a khadi latsopano limene banki yangokupatsani kumene.